Phunziro la M'malimana: Kodi Zinyalala Zathu Zimathera Kuti?

Malembo owerenga: Genesis 2:15, Deuteronomo 23:12-14, Yohane 6:1-15

Akhristu anzanga, tili m'Nyengo ya Chilengedwe, imene Mpingo umaisunga chaka ndi chaka kuyambira pa 1 September mpaka pa 4 October, tsiku lokumbukira Francis Woyera wa ku Assisi. Phunziro la mwezi uno lili pa chinthu chimene tonse tachiponda m'mawa uno pobwera ku Misa, ndicho zinyalala. Mungaliwerenge panokha mukafika kunyumba, koma lalembedwa kuti mukakambirane m'malimana sabata ino ndi yamawa, motsata njira yathu ija ya kuona, kulingalira ndi kuchita.

Ndiyambe ndi kuulula kulakwa kwanga. Chaka chatha, chikondwerero cha masika chitatha pano pa parishi, ndinatsala ndi achinyamata kusesa bwalo. Tinatola majumbo a tchipisi, mabotolo a zakumwa, timapepala ta mafirizi, makoko a nthochi, zitsononkho ndi nsima yotsala. Zonsezi tinaziunjika kuseri kwa holo n'kuyatsa moto, kenaka tinabalalika tili osangalala kuti bwalo layera. M'mawa mwake kunabwera agogo ena amene amakhala kuseri kwa mpanda wathu. Sanakalipe ayi. Atandipatsa moni anangoti, "Aphunzitsi, mdzukulu wanga ali ndi mphumu. Usiku wonse sanagone ndi utsi wanu uja." Ndinasowa choyankha. Zinyalala tinazichotsadi pabwalo, koma zinakathera m'chifuwa mwa mwana. Kuyambira tsiku limenelo, ndikatha kusesa ndimadzifunsa kuti, izi ndasesazi zikupita kwa yani?

GAWO LOYAMBA: TIONE

Matauni athu a Balaka ndi Liwonde akukula msanga. Anthu akuchuluka, misika ikukula, ndipo katundu wambiri tsopano amabwera atakutidwa m'pulasitiki. Monga zilili m'matauni ambiri a dziko lino, zinyalala zimene timatulutsa pa tsiku n'zochuluka kuposa zimene zimatoledwa. Choncho za pakhomo pathu zimatsata imodzi mwa njira zitatu: moto, ngalande, kapena mtaya.

Moto ndiyo njira imene ambirife timaikonda chifukwa mulu umatha tikuona. Koma pulasitiki akamapsa padzala amatulutsa utsi wakuda wokhala ndi poizoni amene amavulaza mapapo, ndipo oyamba kuvutika ndi ana, okalamba ndi odwala chifuwa. Zotsalira zake zimakhala m'dothi momwe nkhuku zathu zimapalasa. Enafe timakolezera mbaula ndi jumbo, titaweramira pomwepo n'kumauzira, mwana ali kumbuyo.

Njira yachiwiri ndi ngalande. Jumbo imene yaponyedwa pawindo la minibasi pakati pa Liwonde ndi Balaka siiwola. Imauluka ndi mphepo ya m'chilimwe, ndipo mvula yoyamba ikagwa imakakumana ndi zinzake pansi pa kamlatho n'kutseka njira ya madzi. Ngalande ikatseka, madzi amasefukira m'makomo, amadzaza zimbudzi, ndipo zonyansa za m'zimbudzimo zimakalowa m'zitsime zosatetezedwa. Matewera otaya a ana, amene masiku ano ali mbwee m'mbali mwa mitsinje, amawonjezera vutoli. Umu ndi momwe matenda otsegula m'mimba amafalira. Ife a kuno sitifunika wina kuti atiuze kuopsa kwake. Pa 3 March 2022 unduna wa zaumoyo unalengeza kuti m'dziko muno mwabuka kolera, munthu woyamba atapezeka nayo pa chipatala cha boma cha Machinga. Mliri umenewo unafalikira m'maboma onse ndipo unapha anthu oposa 1,700. Zinyalala pazokha sizibala kolera, koma ngalande yotseka imathandiza kuti madzi oipa afike pamene timatunga akumwa.

Zimene zapitirira m'ngalande zimatsikira m'mitsinje ngati Rivirivi n'kukalowa mu Shire. Pa Kamuzu Barrage ku Liwonde pali ntchito yotchinga ndi kuvuula namasupuni ndi zoyandama zina kuti zisakafike ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kumene magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa. Ngakhale zili choncho, m'dzinja a EGENCO nthawi zina amakakamizika kuzimitsa makina kuti achotse zinyalala zotseka polowera madzi. Tikamadandaula kuti magetsi azima, mwina botolo lathu lili nawo pa mulu umenewo.

Ziweto nazo zimalipira. Mbuzi imanyambita jumbo ya tchipisi chifukwa cha mchere ndi mafuta, kenaka imameza. M'mimba mwake jumboyo siigayika. Mbuzi imayamba kuwonda ngakhale ikudya, mpaka kufa. Kafukufuku amene anachitika ku Mponela anapeza kuti ziweto 40 pa 100 zilizonse zophedwa kumeneko zinali ndi pulasitiki m'mimba. Kwa banja la kumudzi, mbuzi ndiyo fizi ya mwana wa ku sekondale.

Njira yachitatu ndi mtaya. Amene anafikako ku Mzedi ku Blantyre kapena ku Area 38 ku Lilongwe akudziwa kuti kumtaya zinthu zimangokhuthulidwa pamodzi, zowola ndi zosawola zomwe. Zowola zikakwiririka popanda mpweya zimatulutsa gasi wotchedwa methane, amene amayatsa moto wosazima m'milumo komanso amawonjezera kutentha kwa dziko. Madzi akuda otuluka pansi pa mulu amalowa m'nthaka. Ndipo mtaya sukhala pafupi ndi nyumba za anthu olemera. Amene amapuma fungo lake ndi kulimbana ndi ntchentche zake ndi osauka.

Pali mfundo imodzi yopatsa chiyembekezo. Gawo lalikulu la zinyalala za m'matauni a Malawi ndi zinthu zowola: makoko, masamba, zotsala za chakudya, phulusa, udzu. Zimenezi siziyenera n'komwe kufika kumtaya. Tikazichotsa pa mulu, chotsala n'chochepa kwambiri.

Lamulo lilipo, koma silinakwanire palokha

Mu 2015 boma linakhazikitsa lamulo loletsa kupanga, kugulitsa ndi kugwiritsa ntchito mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60. Micron imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita, choncho tikunena za timajumbo tija timang'ambika tisanafike kunyumba. Makampani opanga mapulasitiki anakatenga chiletso kukhoti, ndipo nkhaniyo inakhala zaka zingapo. Pa nthawi imeneyo dziko lino linkapanga matani pafupifupi 75,000 a pulasitiki pa chaka, ndipo 80 pa 100 aliwonse anali ogwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya.

Amene anaidzutsa nkhaniyi anali anthu wamba ndi mabungwe awo. Mmodzi mwa iwo ndi mayi Gloria Majiga-Kamoto, amene ankagwira ntchito ndi alimi ku bungwe la CEPA ndipo anaona mbuzi za alimiwo zikufa ndi majumbo. Iwo ndi anzawo anakonza maulendo a ndawala, analankhula ndi atolankhani, anakakamira mpaka pa 31 July 2019 pamene Supreme Court of Appeal inagamula kuti lamulo lija ligwire ntchito. Mu 2021 mayiwa analandira mphoto ya Goldman Environmental Prize chifukwa cha ntchitoyi. Milandu ina inatsatirabe, ndipo kumayambiriro kwa 2025 khoti linachotsanso chiletso china, bungwe la MEPA n'kulengeza kuti liyambiranso kukhwimitsa lamuloli.

Mu November 2020 boma linakhazikitsanso tsiku losesa dziko lonse, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse. Ganizo lake linali lofanana ndi la ku Rwanda, kumene anthu amagwira ntchito ya m'dera limodzi Loweruka lomaliza la mwezi, ndipo majumbo analetsedwa mu 2008. Poyamba ambiri tinatuluka ndi matsache. Lero aliyense adziyankhe yekha kuti anasesa nawo komaliza liti. Chimene tikuphunzira apa n'chakuti lamulo likhoza kutseka fakitale, koma silingayime pamsika kugwira dzanja langa pamene ndikupempha jumbo yoikamo tomato wa mulu umodzi.

GAWO LACHIWIRI: TILINGALIRE

Pa Genesis 2:15 timamva kuti Mulungu anaika munthu m'munda ndi ntchito ziwiri, kuulima ndi kuusamala. Ntchito yoyamba timaidziwa bwino. Yachiwiri imatikumbutsa kuti mundawo uli ndi Mwini wake, ndipo adzukulu athu adzafunika kudya pomwepo.

Pa Deuteronomo 23:12-14 pali lamulo limene ambiri amadabwa kulipeza m'Malembo Oyera. Aisraele analamulidwa kukhala ndi malo apadera kunja kwa zithando, ndipo aliyense azinyamula chokumbira kuti azikwirira zonyansa zake. Chifukwa chimene chaperekedwa n'chakuti Mulungu amayenda pakati pa zithando za anthu ake. Ukhondo wa pamalo unali mbali ya kupembedza. Taonaninso kuti chokumbiracho chinali cha munthu aliyense payekha. Panalibe woti akwiririre mnzake.

Nkhani ya pa Yohane 6 timaikumbukira chifukwa cha buledi asanu ndi nsomba ziwiri zimene zinadyetsa anthu 5,000. Koma nkhaniyo siithera pa kukhuta. Anthu atadya, Ambuye Yezu analamula ophunzira awo kuti atole zotsala kuti pasakhale chowonongeka, ndipo zinadzaza madengu 12. Amene anali ndi mphamvu yochulukitsa buledi sanalole kuti nyenyeswa zitayike. Ntchito yotolayo sanaipereke kwa antchito olembedwa ganyu, anaipereka kwa atumwi omwe. Pa Misa timaona zomwezo wansembe akamatsuka mosamala mbale ndi chikho, kuti pasatsale kanthu kotayika. Sizigwirizana kuti manja amene alandira Ukaristia mwaulemu chotere akaponye botolo m'ngalande atangotuluka pageti.

Mu 2015, chaka chomwe chija lamulo la majumbo linakhazikitsidwa kuno, Papa Francis analemba kalata yotchedwa Laudato Si', yokamba za kusamalira dziko ngati nyumba ya tonse. M'kalatayo anadzudzula chizolowezi chogwiritsa ntchito chinthu kamodzi n'kuchitaya, ndipo anachenjeza kuti mtima wozolowera kutaya zinthu umafika pomataya anthu: okalamba, osauka, ana osabadwa. Anatchulanso ntchito zing'onozing'ono za tsiku ndi tsiku, monga kupewa pulasitiki, kusiyanitsa zinyalala, kuphika chakudya chokwanira kudya ndi kugwiritsanso ntchito zinthu m'malo mozitaya, ndipo anati zimenezi zikhoza kukhala ntchito za chikondi. Agogo aja a kuseri kwa mpanda anandiphunzitsa zomwezo m'mawu ochepa. Zinyalala zanga zimathera kwa mnansi wanga, ndipo lamulo lokonda mnansi ndimalidziwa kale.

Kunena zoona, nzeru imeneyi si yachilendo kwa ife. Makolo athu ankapita kumsika ndi dengu. Chitini chothera mkaka chinkasanduka koloboyi. Gaga ankapita kwa nkhuku, phulusa kudimba, nsima yogona inkadyedwa m'mawa ngati mkute. Ngakhale ana athu amadziwa kumanga mpira wachikulunga ndi majumbo. Chimene tataya ndi chizolowezi, ndipo chizolowezi chikhoza kubwerera.

GAWO LACHITATU: TICHITE

Pang'onopang'ono ndi mtolo. Nazi ntchito zisanu zimene banja kapena limana lingayambe popanda kudikira thandizo la kunja.

1. Kusiyanitsa pakhomo. Pezani zotengera ziwiri, ngakhale zidebe zobooka kapena matumba akale. M'chimodzi muziika zowola zokhazokha, m'chinacho zosawola. Ntchito zina zonse zimadalira imeneyi, chifukwa makoko akasakanikirana ndi majumbo ndi magalasi osweka sangakhalenso manyowa, ndipo pepala likanyowa ndi msuzi silingagwirenso ntchito. Aphunzitseni ana, chifukwa ndiwo amatumidwa kudzala.

2. Kupanga manyowa. Thumba la feteleza la makilogalamu 50 linadutsa kale K100,000, pamene zopangira manyowa tikuziwotcha tsiku ndi tsiku. Sankhani malo a mthunzi. Yalani pansi zouma monga mapesi odulidwa, udzu ndi masamba ouma. Pamwamba pake ikani zaziwisi, monga makoko ndi zotsala za ndiwo zamasamba, kenaka ndowe ya mbuzi, ng'ombe kapena zitosi za nkhuku, phulusa pang'ono ndi dothi. Wazani madzi kuti panyowe koma pasachite chithaphwi, ndipo bwerezani mizereyo mpaka mulu ufike m'chiuno. Zikani ndodo pakati. Mukaizula patapita masiku angapo n'kupeza kuti yatentha, ndiye kuti manyowa akupsa. Ikakhala yozizira ndi youma, onjezani madzi ndi zaziwisi. Tembenuzani mulu pakatha masabata awiri kapena atatu alionse, ndipo pakatha miyezi iwiri kapena itatu mudzapeza manyowa akuda onunkhira ngati dothi la m'nkhalango. Ena amamata muluwo ndi matope n'kusiya kabowo ka mpweya, ndiwo manyowa a chimato aja. Musaikemo nyama, mafuta, pulasitiki, mabatire kapena zonyansa za agalu.

Palinso manyowa a Mbeya, osakaniza ndowe, gaga, phulusa, madzi ndi feteleza pang'ono, n'kuzimanga m'thumba losalowa mpweya kwa masiku 21. M'njira imene alangizi ambiri amaphunzitsa, makilogalamu 10 a feteleza amalowa m'thumba limodzi la Mbeya, choncho thumba limodzi logula limabala matumba asanu. Limana liitane mlangizi wa zaulimi kuti adzaonetse miyezo yake pamaso pa onse. Kuno ku Balaka, kumene mvula imavuta kawirikawiri, manyowa ali ndi phindu lina loti amathandiza dothi kusunga chinyezi nthawi ya ng'amba. Mulu woyambidwa mwezi uno udzakhala utapsa pofika December.

Ndikudziwa kuti ambirife timachita lendi ndipo tilibe malo okumba dzenje. Apa ndi pamene limana limagwirira ntchito, pakuti mutu umodzi susenza denga. Banja limodzi lokhala ndi malo lipereke kangodya ka mpanda, mabanja ena azibweretsa zowola zawo kawiri pa sabata, ndipo manyowa akapsa agawane kapena agulitse kuti ndalama zilowe m'thumba lothandizira odwala.

3. Kukana jumbo isanalowe m'nyumba. Chinyalala chosavuta kusamala ndi chimene sitinachitenge. Nyamulani dengu kapena chikwama cha nsalu popita kumsika, ndi kontena pokagula tchipisi kapena nyemba zophika. M'dera lathu lino muli anthu oluka bwino ndi mlaza, ndipo matelala amataya zidutswa za zitenje zokwanira kusoka zikwama zambiri. Amayi Achikatolika akhoza kusoka zikwama zotere n'kumagulitsa pambuyo pa Misa. Pochita izi tisanyoze mayi wogulitsa tomato amene amatipatsa jumbo. Iye amaipereka poopa kuti kasitomala apita kwa wina, ndipo amaigula ndi phindu lake lochepalo. Tikabwera ndi dengu, tamupulumutsira ndalama.

4. Kupezera zosawola ntchito ina. Mabotolo otsukidwa bwino amafunidwa ndi ogulitsa thobwa ndi mafuta ophikira. Zitsulo zakutha zili ndi ogula ake. Mapepala ndi makatoni akanyikidwa m'madzi, kusinjidwa, kusakanizidwa ndi utuchi kapena mankhusu a mpunga, amene ndi ochuluka m'madera a ku nyanja ya Chilwa, kenaka kufinyidwa ndi kuyanikidwa padzuwa, amasanduka mabriketi ophikira pa chitetezo mbaula. Aliyense amene wadutsa m'mapiri a Machinga waona matumba a makala ali ndandanda m'mbali mwa msewu ndi mapiri akuyera pamwamba. Briketi iliyonse yophikira nyemba imasiya nthambi pamtengo. Achinyamata amene akusowa chochita atamaliza sukulu aiganizire ntchito imeneyi.

5. Kusamala zotsala zoopsa. Matewera otaya, mabatire, magalasi osweka ndi mankhwala otha ntchito zisawotchedwe ndipo zisaponyedwe mumtsinje. Zimangidwe pazokha n'kupita kumalo otolera zinyalala a khonsolo, kapena zikwiriridwe m'dzenje lakuya kutali ndi chitsime, kumene ana ndi agalu sangafukule. Izi zokha, pamodzi ndi pulasitiki wosagwiranso ntchito, ndizo zoyenera kupita kumtaya. Pamene m'dera mulibe malo otolera, limana lilembe kalata kwa khansala ndi amfumu a deralo. Khonsolo imatolera ndalama za misika ndi za malo, ndipo nzika zili ndi ufulu wofunsa mwaulemu za ntchito yotola zinyalala. Kalata yosainidwa ndi mabanja 30 imamveka kuposa dandaulo la munthu mmodzi.

Pano pa parishi tiyambe ndi ife eni. Ndikupempha komiti yokonza zikondwerero kuti pa mwambo uliwonse pazikhala zotayiramo ziwiri zolembedwa bwino, kuti madzi akumwa azikhala m'zidebe zokhala ndi mpopi ndipo aliyense azibwera ndi kapu yake, komanso kuti kuseri kwa holo kusayakenso moto wa pulasitiki. Pamalo pomwe tinayatsa moto paja ndi pabwino kuyambapo mulu wa manyowa a dimba la parishi. Ana a Tilitonse akhoza kumauthirira Loweruka lililonse akabwera ku maphunziro.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'LIMANA

1. Aliyense atchule zinthu zimene banja lake lataya dzulo. Ndi zingati mwa izo zikanatha kukhala manyowa kapena kugwiranso ntchito?

2. Utsi, fungo kapena madzi ochokera padzala lathu amafika pakhomo la yani? Tinayamba tamufunsapo munthuyo?

3. Pa Yohane 6, n'chifukwa chiyani Ambuye anapereka ntchito yotola zotsala kwa atumwi? Zikutiuza chiyani za momwe timaonera anthu osesa mumsika ndi otola mabotolo?

4. Ndi ngalande iti m'dera lathu imene imasefukira chaka chilichonse? Tiikonza tsiku liti mvula isanagwe, ndipo zochotsedwamo tidzazipititsa kuti?

5. Mwa ntchito zisanu zija, limana lathu lisankhe imodzi yoti liyambe pasanafike pa 4 October. Alembi alembe dzina la woyang'anira ndi tsiku loyamba, ndipo apereke lipoti pa msonkhano wotsatira wa khonsolo ya parishi.

PEMPHERO LOTSEKERA

Atate, Inu munatipatsa nthaka, madzi ndi mpweya kuti tigawane ndi anzathu ndi ana amene sanabadwe. Tikhululukireni pamene ulesi wathu wadwalitsa mnansi. Tipatseni maso oona phindu m'zimene timazitaya, ndi manja osachita manyazi kutola. Dalitsani onse osesa m'misika ndi m'misewu yathu. Tikupempha zimenezi kudzera mwa Khristu Ambuye athu. Amen.